Kuno manja achuluka, kwina asowa: makina ndi ntchito za mawa

Mukaima pa siteji ya akabaza m'mawa, kaya ndi ku Chinsapo, ku Ndirande kapena ku Mzuzu pafupi ndi depoti, tawerengani njinga zamoto zimene zandanda pamenepo. Kenako muwerenge anthu ofuna kukwera. Nthawi zambiri njinga ndizo zimachuluka, ndipo mukangoonetsa nkhope ya ulendo, anyamata asanu amakuthamangirani nthawi imodzi: "Bwana tiyeni!" "Mayi, ndikakusiyeni pati?" Ena mwa anyamatawa ali ndi satifiketi ya Fomu 4 imene anaipinda bwino n'kuiika m'sutukesi kunyumba. Ambiri njingayo si yawo. Madzulo amakapereka ndalama kwa mwini njinga, amachotsa ya mafuta, zotsalazo ndiye za ndiwo.

M'mawa womwewo ku Japan, woyang'anira nyumba yosamalira okalamba akusowa munthu woti atembenuze agogo pabedi. Ndalama zomulipira zilipo, koma wofunsira ntchitoyo palibe. Choncho akufunsa mitengo ya makina onyamulira odwala, ndipo akulemba makalata ofuna antchito ochokera ku Vietnam, Indonesia ndi Philippines.

Nkhani ziwirizi zili ndi muzu umodzi. Ntchito m'dziko lililonse imadalira kuchuluka kwa manja ogwira ntchito ndi zida zimene manjawo agwira. Chimodzi chikasintha, chinzake chimasunthanso, ndipo boma limakakamizika kusintha misonkho, penshoni, masukulu ngakhale malamulo a m'malire. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti malangizo ambiri okhudza makina ndi ntchito amene timamva pamisonkhano ya m'mahotela analembedwera mayiko amene vuto lawo ndi losemphana ndi lathu.

Tiyambe ndi ife eni. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi. Wa 1987 anapeza pafupifupi 8 miliyoni, wa 2008 anapeza 13 miliyoni, ndipo wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, theka la iwo ali ana osakwana zaka 18. Anthu ambiri akamva zimenezi amafulumira kunena kuti Amalawi tikubereka kwambiri kuposa kale. Ayi ndithu. Mu 1992 mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 6.7 pa moyo wake, tikagawa mofanana. Pofika 2016 nambalayo inali itatsika kufika pa 4.4. Chimene chinasintha kwambiri n'chakuti ana anasiya kumwalira ngati kale. Mu 1992, mwa ana 1,000 obadwa, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Mu 2016 anali 63. Katemera, masikito, sikelo ya ana ndi azaumoyo oyenda m'midzi anagwira ntchito yaikulu, ndipo tiyenera kuinyadira. Agogo athu ankabereka khumi kuti atsale asanu. Amayi athu anabereka asanu ndi mmodzi, n'kutsala onse.

Pali china chimene anthu sachimvetsa msanga. Ngakhale mabanja onse atagwirizana lero kuti azibereka ana awiri okha, chiwerengero chipitirirabe kukwera kwa zaka makumi angapo, chifukwa amayi a mawa anabadwa kale ndipo ndi ochuluka. Amene adzafunefune ntchito mu 2040 si anthu ongoyerekeza papepala. Ali pansi pa mtengo pasukulu ina pompano, akuimba a, e, i, o, u.

Akatswiri a zachuma amati kuchuluka kwa achinyamata kungathe kukhala phindu. Kuti timve bwino, tiganizire mabanja awiri oyandikana, lililonse la anthu asanu ndi atatu. Banja loyamba lili ndi bambo, mayi ndi ana asanu ndi mmodzi aang'onoang'ono. Opeza chakudya ndi awiri, odya ndi asanu ndi atatu, ndipo nkhokwe imatha Disembala asanafike. Banja lachiwiri lili ndi akuluakulu asanu ogwira ntchito ndi ana atatu. Kumeneko kumatsala kanthu kogulira malata, kolipirira fizi, koika ku banki m'khonde. Dziko nalo limatero. Ana obadwa akayamba kuchepa pamene gulu lalikulu lija lafika msinkhu wogwira ntchito, pamakhala zaka makumi atatu kapena anayi zimene ogwira ntchito amachuluka kuposa odalira anzawo. Ikadutsa nthawi imeneyo, gulu lija limakalamba ndipo mpatawo umatsekeka.

South Korea inadutsa njira imeneyi. Cha m'ma 1960 mayi wa kumeneko ankabereka ana pafupifupi asanu ndi mmodzi, ngati mmene zinalili kuno cha m'ma 2000. Kubereka kutatsika, boma linathira ndalama m'masukulu, atsikana a m'midzi anadzaza mafakitale osoka zovala, nsapato ndi tsitsi lovala, ndipo ndalama zakunja zimene zinkalowa zinamanga mafakitale a zitsulo, sitima zapamadzi, kenako zipangizo za m'makompyuta. Komabe phindu limeneli silibwera lokha ngati mvula. Banja la akuluakulu asanu likhoza kukhala losauka kuposa linzake ngati asanuwo angokhala pakhonde kusewera bawo chifukwa chosowa chochita.

Lero South Korea yafika kumalekezero ena. Mu 2023 nambala ya ana pa mayi mmodzi inali 0.72, yotsikitsitsa padziko lonse. Ndipo si mwangozi kuti dziko lomwelo ndilo lili ndi maloboti ochuluka kwambiri poyerekeza ndi antchito: oposa 1,000 pa antchito 10,000 aliwonse a m'mafakitale. Japan inafika pachimake cha anthu 128 miliyoni cha m'ma 2008, n'kuyamba kutsika. Pafupifupi anthu 29 mwa 100 aliwonse ali ndi zaka 65 kapena kuposa, ndipo kafukufuku wa boma wa 2023 anapeza nyumba pafupifupi 9 miliyoni zopanda wokhalamo. Tangoganizani, nyumba zolimba, za magetsi ndi madzi, zikungomera udzu pakhomo. Boma la kumeneko linayambitsa inshulansi yosamalira okalamba mu 2000, linakweza msonkho wa pa zogula kufika pa 10 pa 100 mu 2019 kuti lilipire zosamalira anthu, chaka chomwecho linatsegula chiphaso chatsopano cha antchito akunja, ndipo kuyambira 2021 lamulo limalimbikitsa makampani kusunga antchito mpaka zaka 70. China, imene inakakamiza mabanja kukhala ndi mwana mmodzi kuyambira cha m'ma 1980 mpaka 2015, inaona chiwerengero chake chikutsika mu 2022, ndipo mu Januwale 2025 inayamba kukweza zaka zopumira pantchito. Maloboti opitirira theka a m'mafakitale amene amaikidwa padziko lonse chaka chilichonse amaikidwa ku China.

Apa pali phunziro limene mlimi aliyense amalidziwa kale ngakhale sanalowe m'kalasi ya zachuma: makina amapita kumene manja akwera mtengo. Munthu wa munda wa maekala awiri akamawerengera, amaona kuti aganyu anayi amugalauzira munda wonse pa mtengo wochepa kuposa kubwereka thalakitala, imene mwina ifika mvula itagwa kale. N'chifukwa chake khasu likulamulirabe. Sikuti Amalawi sitidziwa kuti kuli thalakitala. Minda ya mabanja ambiri sikwana hekitala imodzi, dizilo amagulidwa ndi ndalama zakunja, chipangizo chikathyoka chimachokera kutali, pamene munthu wofuna ganyu ali pakhomo m'mawa uliwonse. Ndinaonapo thalakitala yatsopano itaima pansi pa mtengo wa mango nyengo ziwiri chifukwa cha kachitsulo kamodzi, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, anthu akulima ndi makasu munda woyandikana nawo.

Wina anganene kuti basi, maloboti a ku Korea satikhudza. Amatikhudza, ngakhale sadzaponda pa Kanengo. Makwerero amene mayiko a ku Asia anakwerapo anali awa: munthu wochoka kumunda, wodziwa kuwerenga pang'ono, ankalowa m'fakitale n'kupanga katundu wogulitsa kunja, chifukwa malipiro ake anali otsika kuposa a ku Ulaya ndi ku America. Malipiro akakwera m'dziko lina, fakitale inkasamukira kwa osauka otsatira: kuchoka ku Japan kupita ku Korea ndi Taiwan, kenako ku China, kenako ku Vietnam ndi Bangladesh. Ambiri tinkayembekezera kuti tsiku lina mzerewo ufika ku Africa. Koma tsopano mwini fakitale ku China, malipiro akakwera, ali ndi njira ina: kugula makina n'kukhala pomwepo, pafupi ndi doko, magetsi odalirika ndi opanga zipangizo zake. Kutsika mtengo kwa manja athu sikukopanso ngati mmene kukanakopera mu 1980.

Sindikunena kuti khomo latsekekeratu. Nsalu ndi chinthu chofewa, chimapindika, chimaterereka, ndipo makina akulepherabe kusoka malaya mwaluso ngati munthu. Bangladesh ili ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni m'mafakitale a zovala, ambiri mwa iwo amayi. Ethiopia inayesa kulowa pamzerewo potsegula malo a mafakitale ku Hawassa mu 2016, ndipo atsikana zikwizikwi anapeza ntchito, mpaka nkhondo ya ku Tigray inachititsa America kuchotsa dzikolo pa AGOA, mwayi wogulitsa katundu ku America popanda msonkho wa pachipata, mu Januwale 2022, maoda n'kuchepa. Ifenso tinali ndi chiyambi. Akuluakulu a ku Blantyre amakumbukira mmene anthu ankatulukira pa geti ya David Whitehead madzulo ngati nyerere, thonje la ku Chikwawa ndi Balaka likusanduka nsalu m'dziko momwe muno. Msika utatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990, kaunjika ndi nsalu zotchipa zakunja zinasefukira. Ineyo ndimavala kaunjika, ndipo sindinganyoze mayi amene amadyetsa ana ake ndi belo. Koma belo limodzi limapatsa ntchito ogulitsa ochepa, pamene osoka, opota ulusi ndi olima thonje amatsala manja lende.

Luso lamakono limene lafikadi m'manja mwa anthu wamba kuno ndi foni. Airtel Money ndi Mpamba zinabala ntchito imene kunalibe zaka makumi awiri zapitazo: mtsikana wokhala m'kakhumbi kopaka utoto pamsika, kabuku m'manja, akufunsa kuti "mukuika kapena mukutapa?" Pali okonza mafoni, otchaja mabatire ndi sola, oika nyimbo m'makhadi, ogulitsa zovala pa WhatsApp. Njinga zamoto zotsika mtengo zochokera ku India ndi China zinabala kabaza wa masiku ano. Zonsezi ndi ntchito zenizeni ndipo zikudyetsa mabanja. Vuto lake n'lakuti zambiri mwa izo zimagawana ndalama zimene zilipo kale m'mudzi. Pa siteji pakakhala njinga khumi, aliyense amapeza kanthu. Zikafika makumi atatu okwera ali omwewo, aliyense amabwerera ndi zochepa, ndipo amayamba kuthamanga mopitirira muyeso ndi kukweza anthu atatu kuti akwanitse ya bwana. Zotsatira zake zili m'mawodi a othyoka mafupa.

Zida zimene tikuzisowa kwambiri ndi zimene zimachititsa dzanja lomwelo kutulutsa zochuluka. Pampu ya sola padimba imapatsa banja zokolola kawiri kapena katatu pachaka, ndipo imafuna manja ambiri, osati ochepa: obzala, opalira, othyola tomato, onyamula kupita kumsika. Chigayo chinachotsera amayi maola a pamtondo. Makina oyengera mafuta a mpendadzuwa kapena opera chiponde amasandutsa thumba la mbewu kukhala katundu wa mtengo. Ngalande yaikulu imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira kuti ithirire mahekitala oposa 40,000 ku Chikwawa ndi Nsanje ili m'gulu lomweli, ngati minda yake idzapindulire eni nthaka. Koma pafupifupi zonsezi zimafuna magetsi, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi imodzi yokha mwa khumi ndi imene inali yolumikizidwa. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Masiku amenewo ndinkadutsa pa malo a wowotcherera zitsulo wina amene anali ndi anyamata anayi. Ankakhala pa benchi tsiku lonse, mafelemu a mawindo atatsamira khoma, kudikira kuti babu iyake. Ikayaka usiku, ankadzuka n'kuwotcherera mpaka tambala woyamba. Pofika kumapeto kwa chaka anatsala ndi mnyamata mmodzi. Anyamata atatu aja sanachotsedwe ntchito ndi loboti. Anachotsedwa ndi mdima.

Za makompyuta oganiza, amene ambiri akungowatchula kuti AI, ndinene mwachidule. Amachita bwino ntchito za pa desiki: kulemba makalata, kuwerengera, kumasulira, kuyankha makasitomala. Zimenezi ndi ntchito zomwe omaliza maphunziro ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Mzuzu amadikira ndi maenvelopu a khaki m'manja. Kafukufuku wa za ntchito wa 2013 anapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 10 ogwira ntchito m'Malawi ali m'ntchito zosalembetsedwa, ndiye kuti ntchito za mu ofesi n'zochepa kale. Kampani ikapeza kuti kalaliki mmodzi wokhala ndi kompyuta yanzeru akutha zimene ankachita atatu, siichotsa munthu. Imangosiya kulemba atsopano, ndipo palibe amene amaona chifukwa palibe amene watuluka pa geti.

Tsono ngati kwina manja asowa ndipo kuno achuluka, bwanji osangowatumiza? Funsoli si lachilendo kwa ife. Agogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Harare ndi ku Bulawayo, ena n'kuchona. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown, Amalawi oposa 70 n'kufa, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Amuna zikwizikwi anabwerera, ambiri n'kukathera m'maesiteti a fodya pa malipiro otsika. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu anakhamukira ku Britain, zipatala zathu n'kutsala zopanda anthu pa nthawi imene Edzi inali pachimake. Mu Novembala 2023, mwezi womwe ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100, achinyamata 221 anakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ili mkati.

Ndalama zimene apaulendo amatumiza zamanga nyumba zambiri ku Mangochi, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay, ndipo sindingauze mnyamata wosowa chochita kuti akhale. Chimene tiyenera kukumbukira n'chakuti kiyi wa khomo limeneli ali m'thumba la eni dziko. Britain inatsegula chiphaso cha osamalira okalamba mu Febuluwale 2022 chifukwa inasowa manja. Mu Marichi 2024 inaletsa antchitowo kutenga mabanja awo. Mu Julayi 2025 inasiya kulemba atsopano ochokera kunja. Okalamba a kumeneko sanachepe m'zaka zitatuzo. Zinasintha ndi ndale. Dziko lokalamba limafuna manja a mlendo koma ovota ake safuna nkhope yake, ndipo chisankho chikayandikira, andale amamvera ovota. Choncho boma lotumiza anthu liyenera kukambirana mapangano olembedwa, oonekera kwa onse, onena za malipiro, chithandizo munthu akavulala, ndi amene adzalipire maphunziro a namwino amene watengedwa. Kupanda kutero timaphunzitsa ndi misonkho ya osauka kuti akasamalire olemera.

Bajeti ya dziko imaonetsa msinkhu wa anthu ake. Ya Japan imalemedwa ndi penshoni ndi zipatala za okalamba. Yathu ikanayenera kulemedwa ndi makalasi, aphunzitsi ndi magetsi, koma gawo lalikulu limapita ku chiwongoladzanja cha ngongole, ndipo ndalama zambiri za ulimi zakhala zikuthera ku feteleza wotsika mtengo kuyambira makuponi a 2005 mpaka AIP ya 2020. Ndikudziwa chimene thumba la feteleza limatanthauza kwa mayi wamasiye, ndipo sindinganene mopepuka kuti lichotsedwe. Koma thumbalo limatha chaka chomwecho, chaka chamawa n'kufunikanso, pamene munda umagawidwa kwa ana anayi, iwonso n'kudzagawira ana awo. Pulayimale yaulere ya 1994 inadzaza makalasi, koma ambiri sankafika ku sekondale, ndipo mwana wa Sitandade 4 wosatha kuwerenga chiganizo sangaphunzire kukonza pampu ya sola ngakhale mutamutumiza ku maphunziro a TEVETA.

Pa zonse zimene boma lingachite, chimene ndimachiona champhamvu kwambiri ndi kusunga mtsikana pasukulu mpaka amalize sekondale. Amakwatiwa mochedwerapo, amabereka ana ochepa amene angathe kuwaphunzitsa, ndipo iye mwini amalowa m'gulu la opeza ndalama. Mpata uja wa zaka makumi atatu umatseguka kudzera mwa iye. Malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inadziwika kutali chifukwa chothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu. Koma lamulo silimanga hositelo, silifupikitsa mtunda wa makilomita khumi wopita ku sekondale yoyendera, ndipo sililipira fizi.

Pali mbali ina imene sitiilankhula chifukwa ikuoneka kutali. Nafenso tidzakalamba, ndipo tidzakalamba ochuluka. Kuyambira 2011, lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziika 10 pa 100 ya malipiro, wantchito 5 pa 100, koma limafikira okhawo olembedwa m'mabuku. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira mabanja osaukitsitsa okha ndipo amadalira kwambiri ndalama za mayiko otithandiza. Penshoni ya Mmalawi wamba nthawi zonse yakhala ana ake ndi munda wake. Ana tikuwachepetsa, ndipo n'koyenera kutero. Munda ukuchepa wokha.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amalonjeza dziko la ulimi wamalonda, mafakitale ndi mizinda. Mnyamata wa zaka 25 amene anakuthamangirani pa siteji ya ku Chinsapo mu 2025 adzakhala ndi zaka 63 m'chaka chimenecho. Msana udzakhala utatha ndi mabampu, maso sadzaonanso bwino usiku, ndipo mwini njinga adzakhala ataipereka kalekale kwa wina wamng'ono. Dzina lake silili m'buku lililonse la penshoni. Ana ake atatu, amene adzayenera kumudyetsa, woyamba wangoyamba kumene Sitandade 1, m'kalasi la ana oposa 100 ndi mphunzitsi mmodzi.